Madzi Anafika Kumunda Womaliza

Olemekezeka a Lama aakulu a kachisi wathu wapaphiri, amene mwatsika ndi ndodo yanu m'mawa uno kudzadalitsa nyumbayi. Olemekezeka a Khansala a dera lino. Olemekezeka akulu oyang'anira maphunziro, amene mwachokera ku Leh ndipo mwatipeza fumbi lili mbuu m'makutu. A Wapampando a komiti yomanga, Bambo Rigzin Angchuk. A Mphunzitsi Wamkulu, Mayi Kunzes Lamo, pamodzi ndi aphunzitsi anu onse. Bambo Murtaza Ali ndi antchito a kampani yanu, amene lero ndavutika kukuzindikirani chifukwa mwasamba ndi kupesa. Makolo amene mwadutsa phiri kuchokera kumidzi yakuseri. Abale anga a mudzi uno wa Lungmar. Ndi inu atsikana, eni ake a hositeloyi, amene mwakhala padzuwa kuyambira m'mawa mukudikira kuti akuluakulu atope: ndikupatsani moni nonse, ndipo ndikuthokoza kuti mwabwera.

Amene simundidziwa, ine ndine Yangchan, mwana wa m'mudzi muno. Ndinaphunzitsa ana a anthu mpaka tsitsi kuyera, kenako boma linandiuza kuti ndikapume. Amene munadutsa m'manja mwanga mukudziwa kuti ndikati ndilankhula mwachidule, ndi bwino kukhala pansi n'kutambasula miyendo.

Pali munthu mmodzi amene sindinamutchule pamndandanda wa olemekezeka, chifukwa ndikanatero akananyamuka. Wakhala kumbuyo uko pafupi ndi khoma, chipewa chili pamaso. Amenewo ndi alongo anga aakulu, a Phuntsog. Musawacheukire nonse nthawi imodzi, angathawe. Ndawatchula chifukwa sindingathe kuthokoza kampani ya a Murtaza moyenera popanda kukuuzani za iwowo ndi za munda wa malemu bambo athu.

Munda umenewo ndi womaliza pa ngalande ya mudzi uno. Nonse mukudziwa mmene zimakhalira nyengo yofesa: madzi oundana a paphiri amakhala asanayambe kusungunuka, mtsinje umawonda ngati chingwe, ndipo churpon, munthu amene mudzi wamusankha kugawa madzi chaka chimenecho, amatsegulira nyumba iliyonse pa tsiku lake. Akumtunda amathirira akuimba. Ife a kumapeto timathirira tikupemphera, chifukwa madzi akamafika kwathu amakhala atatopa, ndipo akachepa pang'ono pokha safika n'komwe.

Ndili kamtsikana, bambo anatikhazika pansi awirife n'kunena kuti mmodzi apite kusukulu kutauni, wina atsale ndi fosholo. Achimwene anali anzeru kuposa ine pa masamu, izi ndikunena pamaso pa akulu a maphunziro, koma ndiwo anatsala. Tsiku limene ndinanyamuka linali tsiku lathu la madzi, choncho sanathe kundiperekeza. Ndinawapeza pangalande, miyendo ili m'matope, ndipo osakweza mutu anati, "Pita ukaphunzire, Yangchan. Koma usadzabwere kuno kudzatiphunzitsa kumwa madzi." Ndinaseka, iwo sanaseke.

Nditapuma pa ntchito ndinabwerera kuno, ndipo chinthu chimodzi chinandisowetsa mtendere. Atsikana a kumidzi yakuseri kwa phiri amabwera kusukulu yathu nyengo yotentha, chipale chofewa cha nyengo yozizira chikatseka njira amasowa, ndipo njira ikatseguka ena sabweranso: wina wapatsidwa mbuzi zoti aziweta, wina wakwatiwa. Ndinayenda khomo ndi khomo, ofesi ndi ofesi, ndikupempha malo ogona ana amenewa, mpaka anthu ankati akandiona patali amatseka mawindo. Thandizo linapezeka, ndipo ndikuthokoza onse amene anatambasula dzanja. Koma malo okhawo omangapo anali pano, pamwamba pa mudzi, pamutu penipeni pa ngalande.

Mapulani anabwera kuchokera kumzinda, okongola zedi. Munali zimbudzi zamadzi zonyezimira, mabafa a madzi otentha, makina otenthetsera nyumba oyendera dizilo, ndi paipi yaikulu yotunga mumtsinje. A Wapampando athu anasangalala moti ankayenda nawo mapulaniwo m'khwapa ngakhale popita kumaliro. Ankati, "Ana athu azikhala ngati a ku Delhi!" Sindikuwanyoza, ayi. Ankawafunira ana zabwino, monga tonsefe.

Chaka chimenecho churpon anali achimwene. Pamsonkhano wa mudzi anamvetsera zonse, kenako anafunsa kuti chimbudzi chamadzicho chimamwa madzi ochuluka bwanji munthu akalowamo kamodzi. Atauzidwa kuti pafupifupi ndowa yathunthu, anaimirira.

"Ndowa? Ndowa ya madzi akumwa, kuti ikankhe nyansi za munthu mmodzi? Nanga atsikanawo akalowa onse m'mawa, ine kumunda ndikathirira ndi chiyani, malovu? Ndiye madzi oipawo akalowa pansi atulukira kuti, si pakasupe pomwe timamwa? Ine ndidakali churpon, nyumba imeneyo sidzaona ngakhale dontho."

Kenako anandiyang'ana ine, pamaso pa mudzi wonse, nati, "Ndinakuuza tsiku lija." Abale anga, zinandipweteka. Ine ndinkaona ana akutsala kuseri kwa phiri, iwo ankaona mbewu ya barele ya m'munda wa bambo ikuuma, ndipo palibe amene ankanama.

Pa chaka chatsopano ndinapita kunyumba kwawo monga mwa nthawi zonse. Mukudziwa mwambo wathu wa tiyi. Mlendo salandira msanga. Amaphimba chikho ndi dzanja n'kukana, mwininyumba amakakamiza, mlendo amakananso, mwininyumba amakakamizabe, mpaka dzanja lichoke. Kukanako ndi ulemu, kukakamizako ndi chikondi. Achimwene anabwera ndi tiyi, ine ndinaphimba chikho n'kunena kuti, "Ayi, achimwene, ndamwa kale." Iwo anangoti, "Chabwino," n'kubweza ketulo pambaula. Ndinakhala m'nyumba imene ndinabadwiramo, chikho chili gwa pamaso panga, ndipo ndinadziwa kuti mlongo wanga ndamutaya. Ndinalira njira yonse yobwerera.

Apa m'pamene panabwera a Murtaza Ali a ku Kargil. Kampani yawo ndi imene inapatsidwa ntchito ya zam'kati mwa nyumba: mapaipi, magetsi, zimbudzi ndi zotenthetsera. Mudziwe ichi, olemekezeka: munthuyu akanatha kuika zimene zinajambulidwa, kulandira zake, n'kumapita. Mkangano wa m'mudzi sunali wake, ndiponso makina aja akanamupindulira kwambiri. Koma atawerenga mapulani anabwera kunyumba kwanga nati, "Amayi, ine zimbudzi zamadzi ndaika zambiri m'mahotela kutauni, ndipo ndaona akasupe amene ndinkamwapo ndili mwana akuyamba kununkha. Kampani yanga inasiya kugwira ntchito ya mtundu umenewo. Ndipatseni nthawi ndiyambe ndaona ngalande yanu."

Inali nyengo yofesa, ndipo mudzi unali utasankhanso achimwene kukhala churpon, poti palibe wina amene ankafuna kudedwa ndi aliyense. A Murtaza anawatsatira kuchokera kumutu kwa ngalande mpaka kumunda womaliza, tsiku ndi tsiku, nsapato zawo za kutauni zikumira m'matope. Achimwene sanawalandire bwino.

"Inu a mapaipi, mukundilondola ngati mwana wa bulu bwanji? Mwataya chiyani?"

"Sindinataye kanthu, bambo. Ndikufuna kuona pamene madzi amathera."

"Amathera pa ine. Mwaona, bwererani."

"Ndibwerera, koma fosholoyo ndipatseni kaye, msana wanu ukulira mpaka kuno ndikumva."

Anawapatsa, osati chifukwa cha chikondi, koma kuti awaone akulephera. Sanalephere. Munthu wa ku Kargil nayenso anakulira pangalande.

Atabwera kukomiti, a Murtaza anabwera ndi mapulani ena. Anati nyumbayi iyang'ane kumene dzuwa limadutsa, khoma lonse la mbali imeneyo likhale la galasi, ndipo m'makoma ena aikemo ubweya wa nkhosa umene timataya, kuti kutentha kwa masana kugone m'nyumba. Anati madzi osamba azitenthedwa ndi dzuwa padenga, magetsi akhale a sola, dizilo asafike pano. Anati akumba thanki pansi penipeni pomwe chisanu sichifika, ndipo izidzazidwa tikatha kukolola, nthawi imene madzi amangodutsa osathirira kanthu, kuti nyengo yofesa hositelo isakhudze ngalande. Anati madzi a sopo asalowe m'ngalande, adutse m'miyala ndi mumchenga n'kukathirira misondodzi kuseri uko. Mpaka pamenepo tonse tinkagwedeza mitu. Kenako anafika pa zimbudzi, nati zikhale zouma, zothira dothi ndi fosholo, zosafuna madzi, ngati za m'nyumba zathu.

A Wapampando anatsala pang'ono kugwa pampando wawo womwewo. "A Murtaza, tayenda dziko lonse kupempha thandizo kuti timange chimbudzi cha makolo athu? Alendo akabwera tidzawaonetsa dzenje ndi fosholo?"

A Murtaza anayankha mofatsa, "A Wapampando, pakati pa nyengo yozizira paipi ikaundana n'kuphulika, atsikana onsewa azikathandizidwa kuti? Kunyumba kwanu?"

Sekani, sekani, nawonso akuseka. Ndipo ndiwathokoze a Wapampando pano, chifukwa munthu wamkulu kusintha maganizo pagulu si chinthu chapafupi. Anafunsa za fungo, a Murtaza anawaonetsa paipi yakuda ija mukuiona kuseri, imene dzuwa likaitenthetsa imakoka mpweya wonse n'kuutaya kumwamba. Anafunsa za ntchentche, anaonetsedwa sefa. Pomaliza anati, "Chabwino, koma pansi pake pakhale matailosi." Matailosi alipo, mukaone nokha.

Koma komiti si imene imagawa madzi. Achimwene atamva zonsezi anangoti, "Pepala silithirira munda." Ntchito inaima, chifukwa ngakhale simenti imafuna madzi, ndipo nyengo yomanga kwathu kuno ndi yaifupi. Tikanaiphonya, ana akanatsalanso kuseri kwa phiri chaka china.

Ndiye linafika tsiku lokonza ngalande, tsiku limene nyumba iliyonse imatumiza munthu ndi fosholo, ndipo yosatumiza imadziwa yokha kuti madzi sidzawaona. Anthu atasonkhana anangoona a Murtaza akutsika ndi antchito awo onse, mafosholo ali paphewa. Palibe anawaitana, palibe anawalipira. Achimwene anawaimitsa.

"Mwabwera m'dzina la nyumba iti?"

"Ya atsikana, bambo."

"Nyumba yopanda denga?"

"Denga libwera. Koma nyumba ya m'mudzi muno imayamba ndi ngalande, si choncho? Ikufuna iyambe yagwira ntchito isanapemphe kanthu."

Achimwene anawapatsa chigawo choipitsitsa, cha pathanthwe paja pamene pamagumuka chaka chilichonse. Anachikonza, n'kutsekanso ming'alu imene inkataya madzi kuyambira ine ndili mwana. Dzuwa likupendeka, anthu atakhala pansi kudya, achimwene anasendera kwa a Murtaza n'kufunsa chapansipansi, koma mudzi wonse unamva: "Zimbudzi zoumazo, manyowa ake adzakhala a ndani?"

Eya, mukuwadziwa! A Murtaza anati, "Hositelo ilibe munda. Ine ndinkaganiza kuti azipita kuminda ya kumapeto, imene imavutika kwambiri." Achimwene anakanda chibwano nati, "Atsikana ake ndi angati? Amadya bwino?" Ana anga, mwamva nokha. Mukamasiya chakudya m'mbale mukulakwira ulimi wa mudzi uno.

Tsiku limenelo achimwene analola madzi omangira. Koma kwa ine anatumiza mawu kudzera mwa alamu anga akuti, "Pakamwa pavomera. Mtima udzavomera madzi akadzafika kumunda wa bambo, ana ali m'nyumbamo." Choncho nyumba inkakwera, koma ine ndi mlongo wanga tinkapatsana moni ngati anthu okumana pabasi.

Ndiloleni ndinene zimene ndinaona ndi maso anga miyezi yomangayo, chifukwa ndinkabwera pano kawirikawiri mpaka antchito anandipatsa dzina limene sindilitchula pamaso pa a Lama. Sindinaone ndowa ya simenti ikutsukidwa m'ngalande. Anakumba dzenje lawolawo kutali. Sindinaone pulasitiki ikuuluka kapena kutenthedwa. Galimoto imene yabweretsa katundu inkabwerera itanyamula zinyalala. Zidutswa za mapaipi ndi mawaya ankazitola ngati ndalama, matabwa otsala anapangira mashelefu a mabuku, ndipo anaphunzitsa amayi awiri a m'mudzi muno kukonza sola ndi mipope, kuti kanthu kakawonongeka njira itatsekeka tisadikire munthu wochokera kutauni. Ntchito yambiri ya kampaniyi ili m'makoma ndi pansi pa nthaka, moti mlendo sangaione. Ife amene timamwa kumusi kwa nyumba ino ndi amene tikuidziwa.

Ana analowa chipale chisanatseke njira, chifukwa sitikanadikira mwambo wa lero. Anakhala muno nyengo yonse yozizira. A Mphunzitsi Wamkulu akuchitira umboni kuti palibe paipi inaphulika, palibe mwana anagona akuzizidwa, ndipo masana ena ankachita kutsegula mawindo kunja madzi ataundana gwa. Njira itatseguka, palibe mtsikana ndi mmodzi yemwe amene anasowa m'kalasi. Makolo, zikomo potikhulupirira ndi ana anu.

Kenako inafika nyengo yofesa, ndipo chaka chino mtsinje unawonda kuposa kale. Pa tsiku lathu la madzi ndinapita kumunda wa bambo, ndinaima m'malire. Achimwene anali potsegulira ndi fosholo yawo, sanandiyang'ane. Tinadikira. Ndinkadziwa kuti ngalandeyo ikakhala youma, palibe mapulani kapena mawu amene adzandibwezere mlongo wanga. Kenako tinamva kaphokoso kaja, ndipo madzi anatulukira m'mphepete mwa munda wa aneba, akukankha mapesi ndi zitosi za mbuzi patsogolo pake, ochuluka bwinobwino. Achimwene anachotsa mwala wotsekera, madzi analowa m'munda, ndipo anati, "Afika." Sanauze ine, anauza madziwo. Ndinabwerera kunyumba osadziwa ngati ndakhululukidwa.

Munthu ameneyu ndi wouma mutu, ndipo ndikudziwa chifukwa mutuwo ndi wa kubanja. Anadikira kuti barele amere. Atamera anadikira kuti akule. Atakula anadikira kuti atulutse ngala. Mukayang'ana kumusi uko, kupitirira nyumba yoyera ija, munda wobiriwira womalizawo ndi umenewo.

Lero m'mawa ndikubwera kuno, ndinadutsa pakhomo pawo, ndipo ndinamva mawu pawindo: "Iwe Yangchan, ukudutsa ngati wamsonkho bwanji? Lowa." Ndinalowa, ndinakhala pamalo pomwe paja, iwo anabwera ndi ketulo. Ndinachita mantha, abale anga, moti ndinaganiza zongolandira osakana. Koma mwambo ndi mwambo. Ndinaphimba chikho n'kunena kuti, "Ayi, achimwene, ndamwa kale." Iwo anati, "Imwa." Ndinati, "Ndachedwa, anthu akundidikira." Anati, "Adikire, imwa." Ndinakananso, ndipo iwo anagwira dzanja langa n'kulichotsa okha pachikho, nathira mpaka tiyi kutayikira patebulo. Ndamwa zikho zambiri moti ngati mwaona ndikufulumira kumaliza, chifukwa chake ndi chimenecho, ndipo mwina woyamba kuyesa matailosi a a Wapampando lero ndikhala ine.

Bambo Murtaza, imirirani pang'ono, ndi antchito anu onse. Munalembedwa ntchito yoika mapaipi ndi mawaya, koma munayamba mwafunsa kumene madzi amachokera ndi kumene amathera, ndiponso amene amatsala opanda kanthu akachepa. Mwatipatsa nyumba yofunda yosatulutsa utsi, yaukhondo yosaipitsa kasupe, yodzaza ndi ana koma yosalanda munda wa munthu. Kwa mudzi mwasunga madzi, kwa ana awa mwasunga sukulu, ndipo kwa ine, mayi wokalamba, mwandibwezera mlongo wanga. Nsalu yoyera yaulemu imene ndikukuvekani m'khosiyi ndi yaing'ono, koma ilandireni ndi mtima wanga wonse. Olemekezeka a Khansala ndi akulu a maphunziro, mukamadzamanga kwina m'mapiri muno, dzayambeni mwabwera kudzaona pano, ndipo mudzayende mpaka kumunda womaliza.

Inu atsikana, nyumbayi ndi ya m'mudzi muno tsopano, ndipo tsiku lokonza ngalande ili ndi chigawo chake pathanthwe paja. Mudzapite ndi mafosholo, musadzatichititse manyazi. Phunzirani mpaka kumene mungafike, ndipo mukadzabwerera kwanu ndi maphunziro anuwo, dzayambeni mwafunsa amene anatsala.

Andipatsa lumo kuti ndidule nsalu ili pakhomoyi, koma sindidula ndekha. Pali munthu amene anatsala ndi fosholo kuti ine ndipite kusukulu, ndipo sanalowepo pakhomo la sukulu ngati mlendo wolemekezeka. Achimwene, bwerani kuno. Onani, akupukusa mutu, akuti ayi. Bwerani, achimwene. Akukananso! Kanani mmene mungathere, mwambo ndikuudziwa, ndipo lero wokakamiza ndine. Apatseni njira, ana inu. Eya, gwirani apa, dzanja lanu pamwamba pa langa.

Olemekezeka nonse, ndi mtima wodzala ndi kuthokoza, ine ndi mlongo wanga tikulengeza kuti hositelo ya atsikana ya Lungmar yatsegulidwa tsopano. Lowani, ana anga, nyumba ndi yanu.

Zikomo kwambiri.